Msewu umodzi pa tsiku: kuyendetsa gulu mu Harare

Pulogalamu ya ulendo imene imatuluka pa msonkhano wa komiti, kaya ndi ya sukulu, ya Sande sukulu kapena ya amayi a Chigwirizano, kawirikawiri imakhala ndi malo 6 kapena 7. Aliyense amaponyapo ake. Uyu akuti Heroes Acre, uyu akuti ana sanaonepo ndege ikunyamuka, winayo akuti mikango, wina akuti miyala ija ya pa ndalama. Mlembi amalemba zonse poopa kukhumudwitsa munthu. Tsiku likafika, basi imathera mafuta pa maloboti a m'tauni, ana amaona Harare pa zenera, ndipo pamalo pamene analipira ndalama zambiri amafikapo geti litatsala pang'ono kutsekedwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Vuto lake ndi momwe mzindawu unakhalira. Bwalo la ndege ndi Epworth zili kummwera chakum'mawa. Mikango ndi nyanja ya Chivero zili kumadzulo. Domboshava ili kumpoto. Misewu yonse yopita kumalo amenewa imakumana pakati pa tauni, ndiye mukafuna mbali ziwiri tsiku limodzi mudutsa m'tauni kawiri kapena katatu ndi basi yaikulu imene sitha kuzemba ngati kombi. Sankhani msewu umodzi, ndipo pa msewu umenewo muime malo atatu basi. Achinayi ndi a ulendo wa chaka chamawa.

Amene akukayika awerengetse yekha. Ana 60 kutsika basi, kufola ndi kuwerengedwa ndi mphindi 10. Kukwera ndi zina 10. Pamalo pali zimbudzi 4, mwana aliyense atenge mphindi 2, theka la ola latha musanaone kanthu. Pa geti mtsogoleri akulipira ndi kudikira lisiti, kota ya ola. Choncho malo aliwonse amadya pafupifupi ola lathunthu pa zinthu zimene sizilembedwa pa pulogalamu. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa cha m'ma hafu 5, ndiye tsiku ndi lalifupi kuposa momwe limaonekera pa pepala. Nyamukani isanakwane 7 koloko ngati mukuchokera ku Mufakose, Dzivarasekwa, Highfield, Mabvuku kapena Chitungwiza ndipo njira yanu ikudutsa m'tauni. Mukachedwa, dikirani mpaka cha m'ma 9, chifukwa pakati pa maola amenewo mungokhala pa mzere wa magalimoto.

Za mapepala tisazitalikitse, koma ndi zimene zimabweza basi pa rodibuloko. Sukulu imafuna chilolezo cha unduna wa maphunziro kudzera ku ofesi ya boma lanu, komanso fomu yosainidwa ndi kholo la mwana aliyense. Yambani mwezi wathunthu tsiku lisanafike. Gulu la mpingo lilibe lamulo limeneli, komabe kalata ya kholo ikhalepo, yokhala ndi nambala ya foni ndi matenda amene mwanayo ali nawo, makamaka mphumu ndi khunyu. Kwa mwini basi funsani muone ndi maso satifiketi ya VID, ofesi ya boma yoyeza magalimoto, yosonyeza kuti galimoto ili bwino, inshuwalansi ya okwera, layisensi ya dalaivala ndi pepala lake la defensive, la maphunziro a kuyendetsa mopewa ngozi. Mgwirizano ulembedwe: nthawi yonyamuka, nthawi yobwerera, malo onse oimapo, ndi amene alipire mafuta ndi poimika. Mkangano wa masana umayamba pamene dalaivala wanena kuti Chivero sanauzidwe ndipo akufuna yowonjezera. Anthu asapose mipando. Mwana wa pamiyendo ndi munthu, awerengedwe.

Malo onse amene mwasankha muwaimbire foni kapena mupiteko sabata ziwiri zisanakwane, mufunse mtengo wa gulu ndi kupempha wokuonetsani. Mitengo imasintha, ndipo malo ambiri ali ndi mtengo wa mwana, wa wamkulu, wa nzika ndi wa mlendo. Apa ndi pamene anthu athu amavutikira. Agogo obadwira ku Mbare, olankhula Chichewa ndi zidzukulu pa mzere, akhoza kuyesedwa alendo. Aliyense wamkulu anyamule chitupa chake. Malamulo a dziko a 2013 amati wobadwira muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali la dziko la SADC ndipo iye amakhala muno, ndi nzika. Koma wa pa geti sawerenga malamulo, amaona chitupa. Ndalama zikhale ndi munthu mmodzi, zogawidwa m'maenvulopu, envulopu iliyonse yolembedwa dzina la malo. Madola akhale ang'onoang'ono, a 1, a 5 ndi a 10, osang'ambika, chifukwa chenji ndi yosowa ndipo ndalama yong'ambika amaikana. ZiG, ndalama ya dziko lino, ndi EcoCash, ya pa foni, zimathandiza, koma netiweki ikagwa muli ndi ana 60 padzuwa mudzafuna ndalama ya m'manja. Powerengetsa mtengo wa basi gawani ndi anthu ochepa kuposa amene alembetsa: akalembetsa 60 gawani ndi 50, popeza ena amagwa sabata yomaliza.

Tsiku la m'tauni ndi lotsika mtengo kuposa onse, ndipo kwa ana a Giredi 6 kupita m'mwamba ndi limene lili ndi phunziro lochuluka. Basi ikutsitseni pa Civic Centre, kufupi ndi Rainbow Towers, pa Zimbabwe Museum of Human Sciences, imene akuluakulu amaidziwa ndi dzina lakale la Queen Victoria Museum. Panja pali zinyama zikuluzikulu zoumbidwa ndi simenti, ndipo ana adzafuna kuzikwera. Alonjezeni chithunzi potuluka. M'kati muli zida za miyala za anthu akale, zitsulo, mbiya, mikanda ndi chifaniziro cha mudzi wa Chishona. Nyumbayi ndi imenenso imasunga ngoma lungundu, ng'oma yopatulika ya mtundu wa a Lemba, imene akatswiri atayeza mtengo wake anapeza kuti ndi ya zaka za m'ma 1300. Funsani ngati ili poonekera. Makonde ake ndi opapatiza, ndiye gulu ligawidwe pawiri, lina liyambire kumapeto. Ana 60 pambuyo pa wofotokoza mmodzi, akumva ndi 15 akutsogolo okha. Ena onse akutsinana.

Kuchokera pamenepo basi ikutuleni ku Harare Gardens ndipo ikaime kwina mpaka muiitane. Musayese kuiimika mu First Street kapena mu Jason Moyo. A poimika magalimoto amamanga tayala msanga, ndipo kumasula kwake ndi ndalama ndi maola. National Gallery of Zimbabwe ili m'mphepete mwa Gardens, mu Julius Nyerere Way. Inatsegulidwa mu 1957, mkulu wake woyamba anali Frank McEwen. Anthu amanena kuti zosema za miyala za kuno ndi za Ashona, koma mwana wa Chichewa ayenera kuuzidwa mbali inayo. Ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, kumene mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa mudzi wa osema mu 1966, ambiri mwa oyamba anali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fanizani Akuda, wa nkhope zija za maso otsinzina ndi milomo yoimba mluzu, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Josiah Manzi makolo ake anali Ayao a ku Malawi. Pemphani wokuonetsani akusonyezeni ntchito za ku Tengenenge ngati zilipo tsikulo, ndipo mufunse ana ngati sakuonamo nkhope za gule. Lamulo la m'nyumbayi ndi la manja kumbuyo. Mafuta a m'zala amadetsa mwala ndi utoto. Lolemba musalikonde pa ulendo wa nyumba zoterezi, chifukwa zina zimatseka tsikulo.

Nkhomaliro idyedwe mu Gardens, pa udzu, wamkulu mmodzi atayang'anira zikwama. Kenako yendani pansi awiriawiri. Pa mphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere pali chiboliboli cha Mbuya Nehanda, chimene chinavundukulidwa pa 25 Meyi 2021. Mayiyu ananyongedwa ndi atsamunda mu 1898. Pamalopa pamakhala achitetezo, funsani musanajambule. Chapafupi pali nsanja ya Reserve Bank, ya mamita 120, yaitali kuposa nyumba zonse m'dziko muno. Mukafika pa Africa Unity Square imani ndithu. Apa ndi pamene gulu la atsamunda la Pioneer Column linakweza mbendera ya Britain pa 13 Seputembala 1890 n'kutcha malowa Fort Salisbury, dzina limene linasinthidwa kukhala Harare pa 18 Epulo 1982. Auzeni ana ayang'ane tinjira ta m'bwaloli ndi kujambula pa pepala momwe tadutsirana: ituluka mbendera ya Britain. Ndi phunziro la mphindi 10 limene saliiwala. Mbali ina kuli tchalitchi chachikulu cha Anglican ndi nyumba yakale ya malamulo, ya malamulo yatsopano ili ku Mount Hampden. Mbali ina kuli hotela ya Meikles ya 1915 ndi amayi ogulitsa maluwa.

Mathero abwino a tsikuli ndi Eastgate, imene ambiri amaiona ngati malo ogulirako zinthu chabe. Inatsegulidwa mu 1996, mmisiri wake ndi Mick Pearce, ndipo nzeru yake anaitenga pa chulu. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira n'kuudutsitsa m'mphako za pansi pa chipinda chilichonse, konkire n'kuzizira. Masana konkire ija imayamwa kutentha, mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a njerwa amene mukuwaona pa denga. Mwana amene anakumbapo chulu kufuna ngumbi amamva msanga kuposa wa m'tauni. Ku Kopje, kaphiri ka mfumu Neharawa kumene mzinda wonse umaonekera, pitani ndi basi, masana, gulu lonse pamodzi, mafoni ali m'thumba. Asatsalire wina kumbuyo kuti akujambula.

Msewu wa ku Bulawayo ndi umene masukulu ambiri amasankha, ndipo sakulakwa. Yambani ndi National Heroes Acre, manda a ngwazi za dziko, makilomita 7 kuchokera m'tauni, moyang'anana ndi National Sports Stadium. Yambirani pamenepo m'mawa chifukwa pamwamba pake palibe mthunzi ndipo miyala yakuda imatentha. Kumanga kunayamba mu 1981, mothandizana ndi amisiri a ku North Korea. Pa geti pali nyumba ya zithunzi ndi zida za nkhondo ya ufulu, ndipo kuchokera apo kupita kumanda ndi kamtunda ndithu, basi ilowe. Pakati pali manda a msilikali wosadziwika ndi ziboliboli zitatu za mkuwa, mkazi mmodzi ndi amuna awiri. M'mbali muli makoma a zithunzi zosema zofotokoza mbiri kuyambira kubwera kwa atsamunda mpaka 1980. Yendetsani ana chithunzi ndi chithunzi, iwo anene zimene akuona, inu muwonjezere. Pamwamba pali nsanja ya mamita 40 ya moto wosazima. Amati malo onsewa ukawaona uli kumwamba ali ngati mfuti ziwiri za AK-47 zotsamirana misana. Herbert Chitepo, Josiah Tongogara, Sally Mugabe ndi Joshua Nkomo agona pano. Ana amafunsa nthawi zonse za manda a Robert Mugabe: iye anaikidwa kwawo ku Kutama mu 2019. Awa ndi manda, ndipo ife za manda timazidziwa. Palibe kuthamanga, kudya kapena kukhala pa mwala wa manda. Masitepe opita ku nsanja ndi ambiri. Agogo a mawondo akhale pansi, sanataye kanthu. Sabata ya Heroes Day, Lolemba lachiwiri la Ogasiti, ndiponso pakakhala maliro a boma, musapiteko ndi gulu.

Mukapitirira makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni mufika ku Lion and Cheetah Park, ndipo Snake World ili mbali yomweyo. Mbali ina ya paki ya mikangoyi mumadutsa ndi galimoto pakati pa mikango, mazenera onse otseka. Yesani mazenera a basi musananyamuke kunyumba, chifukwa limodzi losatsekeka likhoza kukukanizitsani kulowa. Mbali yoyenda pansi kuli makola, ndipo kuli fulu wamkulu wa ku zilumba za Galapagos wotchedwa Tommy, amene wakopa mibadwo ya ana a sukulu. Ngozi ya apa si mkango ayi. Ndi chala cholowetsedwa pa waya ndi nthochi yogwiridwa m'manja pamaso pa anyani. Chakudya chitsale m'basi. Mikango masana imagona, ndiye funsani pa foni nthawi imene amaidyetsa ndipo mukonze pulogalamu mozungulira ola limenelo. Ku njoka, phunziro lenileni ndi kusiyanitsa mphiri, mamba ndi nsato ndi kudziwa chochita munthu akalumidwa: osacheka, osayamwa, osamanga chingwe, kungothamangira kuchipatala.

Chivero ili patsogolo pake, makilomita oposa 30. Ndi damu la 1952 pa mtsinje wa Manyame, kale linkatchedwa McIlwaine, ndipo ndi kumene kumachokera madzi ambiri a mzindawu. Kuno tinene mosabisa. Amene anazolowera Salima ndi Mangochi akaona madzi amafuna kuvula nsapato. Iyi si nyanja yosambamo: muli ng'ona, muli likodzo, ndipo madzi ake ndi oipitsidwa ndi zonyansa za m'tauni, n'chifukwa chake namasupuni amadzaza ndipo madzi amasanduka obiriwira. Za bwato, kumbukirani Khirisimasi ya 2011 pamene bwato lodzaza mopyola linagubuduka n'kupha ana 11. Ngati palibe jekete loyandamitsa la munthu aliyense, ndipo simunaone nambala ya anthu yololedwa, yankho ndi ayi, kaya ana alire. Chabwino cha ana kuno ndi Kuimba Shiri, malo a mbalame, kumene amaulutsa nkhwazi ndi akadzidzi pa nthawi yake yoikika. Nkhalango ya zinyama ya ZimParks, bungwe la boma losamalira zinyama, ya zipembere, mbidzi ndi nyamalikiti, misewu yake ndi yafumbi ndi yopapatiza, yoyenera makombi osati basi ya anthu 65. Heroes Acre, mikango, Kuimba Shiri: tsiku lakwana.

Chakudya chimaononga maulendo ambiri kuposa matayala. Mpunga ndi nkhuku zophikidwa 4 koloko m'mbandakucha, zotsekeredwa zotentha m'ndowa ya pulasitiki, zoikidwa pansi pa basi pafupi ndi injini mu Okutobala, pofika 2 koloko zayamba kusasa. Ngati mwaphika, idyani isanakwane 12. Chosavuta ndi mabanzi, mazira owiritsa, maputi (chimanga chophulitsa), nthochi ndi malalanje, zopakidwa kale m'mapepala, limodzi la mwana aliyense. Madzi nyamulani anu, malita awiri pa munthu nyengo yotentha, ndi chigubu china cha malita 20 cha m'manja pamodzi ndi sopo. Mzinda uno unaona kolera mu 2008, mu 2018 ndi mu 2023. Mpopi wosaudziwa musaukhulupirire, ndipo mafiriziti a pa geti, zakumwa zoziziritsa zija za m'timapepala ta pulasitiki, simudziwa madzi ake. Ana asamwe zotsekemera basi isananyamuke. Amene amasanza pa ulendo akhale kutsogolo, ndipo pakhale mapepala a pulasitiki, ndowa ndi nsanza.

Kuwerenga ana kuli ndi njira yake. Kufunsa kuti tonse tilipo sikuwerenga, popeza wosowayo sangayankhe. Wamkulu aliyense apatsidwe ana 10 ndi mayina awo pa pepala, a Giredi 1 mpaka 3 akhale 6 kapena 7, ndipo mmodzi aime pa chitseko cha basi kugwira mutu uliwonse ukamakwera. Yunifolomu musaidalire. Lachisanu la kumapeto kwa temu pa Lion and Cheetah Park pamakhala masukulu angapo a juzi yofanana, ndipo mwana amatsatira mtundu wa juzi n'kukwera basi ya eni. Dulani chitenje chimodzi timizere, mumange pa dzanja la aliyense, ndi kapepala ka nambala ya foni m'thumba.

Kumpoto ndi kwa ana okulirapo ndi akuluakulu. National Archives ili mu Borrowdale Road, ku Gun Hill, ndipo inayamba mu 1935. Nthawi ya Chitaganya, 1953 mpaka 1963, Salisbury ndiye anali likulu la maiko atatu, Nyasaland ali momwemo, ndipo nyumbayi inkasunga zolemba za onse. Kuli chipinda choonetsera zithunzi, mapu ndi manyuzipepala akale chimene gulu lingalowe. Chipinda chowerengera n'cha ofufuza okhala ndi chitupa, osati gulu. Ana a Fomu 3 ndi 4 amene agogo awo anabwera wapansi kudzera ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi apatsidwe funso asanalowe, mwachitsanzo lakuti apeze chithunzi cha antchito ochokera kumpoto kwa Zambezi. Njira yake imadutsa pa State House. Dalaivala asaime, ana asatulutse foni pa zenera, ndipo chigawo chimenecho cha msewu chimatsekedwa kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 m'mawa. Mukamva masayirini a mdipiti wa Pulezidenti paliponse, basi ipatuke n'kuima. National Botanic Garden ku Alexandra Park ili pafupi, ndi pabwino podyera ndi pa mapemphero a gulu.

Domboshava ili makilomita pafupifupi 30. Ndi thanthwe limodzi lalikulu, lokwereka ngakhale ndi mwana wa zaka 8, ndipo njira yake ili ndi mivi yopentedwa pa mwala. M'phanga muli zojambula zofiirira za anthu ndi nyama za a San, abale a zija za Akafula za ku Chongoni ku Dedza. Osazigwira, osazithira madzi kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndi mmene zimafufutikira. Kukwera, kuona phanga ndi kutsika, patulani maola awiri. Nsapato zikhale za mphira. Za sukulu zachikopa ndi masilipasi zimaterereka. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kwerani m'mawa ndipo mutsike mitambo ikangoyamba kuda, chifukwa pamwamba pa thanthwe munthu ndiye chinthu chachitali ndipo mphenzi sisankha. Mwala wonyowa umaterera ngati sopo. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya pamwamba imaluma, majuzi asatsale m'basi.

Ana aang'ono, a ECD (mkaka) mpaka Giredi 4, atengereni kum'mawa. Mukuvisi Woodlands, pa Glenara Avenue ndi Hillside Road, ndi nkhalango ya mahekitala 263 m'kati mwa mzinda, ya mitengo ya mtundu wa mombo imene kuno amati msasa ndi munhondo. Pali nsanja yoonerapo mbidzi, nswala, ntchefu ndi nyamalikiti, ndipo ali ndi aphunzitsi a zachilengedwe ozolowera magulu a sukulu. Ulendo wake ndi waufupi, mthunzi ulipo, chipatala sichili kutali. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala masamba atsopano a msasa amatuluka ofiira, ndiyo nthawi yokongola. Nyengo ya mvula ana avale masokosi aatali ndipo makolo auzidwe kuwayang'ana nkhupakupa posamba. Chapungu Sculpture Park ku Msasa ndi zosema za miyala za panja, pa udzu, kumene mwana amazizungulira momasuka. Kenako Chiremba Balancing Rocks ku Epworth, makilomita pafupifupi 13 kuchokera m'tauni, miyala yosanjikizana imene yakhala pa ndalama za dziko lino kuyambira pa ufulu, mpaka pa ija ya 100 thililiyoni. Wina abweretse ndalama yakale kuti ana ayerekeze. Chodabwitsa n'chakuti ana athu ambiri a ku Epworth amadutsa pa mpanda wake tsiku ndi tsiku koma sanalowepo. Kukwera miyalayo kuletsedwe musanatsike basi. Bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe lili mbali yomweyi, koma popanda kalata yovomerezedwa kale mudzangoona poimika magalimoto; funsaninso maola amene ndege zimatera.

Akuluakulu sakufuna zambiri: mpando, chimbudzi, nthawi ya kudya yosasuntha chifukwa cha a shuga ndi a BP, ndi mpata wogula. Mukawamana mpata wogula adzautenga okha ndipo mudzawasaka. Kwa iwo Mbare ndi malo oona, ngakhale amene anakuliramo. Rufaro Stadium ndi kumene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa pa 18 Epulo 1980. Stodart Hall ndi kumene mitembo ya ngwazi imayamba yagonekedwa isanapite ku Heroes Acre, ndipo Mai Musodzi Hall ili ndi dzina la mayi amene anatsogolera magulu a amayi a m'lokeshoni. Pa Musika, msika waukulu wa Mbare, ndi ku Mupedzanhamo, msika wa kaunjika, lowani anthu 4 kapena 5 pa kagulu, aliyense ndi wodziwa njira, ndalama zogawidwa m'matumba awiri, chikwama kutsogolo. Gwirizanani malo ndi ola lokumana, basi iime kunja. Ana a sukulu asalowe mu msika ngati gulu. Abambo amene analimapo fodya amasangalala ndi misika ya okushoni ya ku Willowvale ndi ya Boka, imene imatsegulidwa cha mu Malichi. Amene amadziwa Kanengo ndi Limbe adzaona kusiyana: wa kumudzi ku Malawi wambiri ndi wa mtundu wa bale, wa kuno ndi wachikasu wowamba m'mabani. Pamafunika chilolezo cha oyang'anira, nsapato zotseka, ndi kufika m'mawa malonda ali m'kati. Wa chifuwa avale chotseka pamphuno. Gulu la achikulire lochokera ku Heroes Acre likhoza kutsirizira kwa Mereki ku Warren Park, pa nyama yootcha ndi sadza (nsima), koma la mpingo lidziwiretu kuti pamalopo pali mowa ndi nyimbo zaphokoso, abusa asadzadzidzimuke.

Amene akubwera kuchokera kumudzi, kwaya kapena amayi odzacheza ku Sinodi ya Harare, njira yawo ndi ya Mwanza, Zobue, Tete ndi Nyamapanda, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Blantyre. Pa mapu ndi tsiku limodzi, koma zipata za malire ndi zinayi ndipo pa chilichonse basi yonse imatsika. Aliyense akhale ndi pasipoti yake, mwana wosayenda ndi makolo akhale ndi kalata yawo yodindidwa. Mabasi a kunja amatsitsa pa Roadport, m'tauni, nthawi zina usiku. Owalandira akhale atafika kale ndi galimoto yodziwika, alendo asakwere mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, kapena kutsatira ahwindi, anyamata oitanira, onyamula chikwama asanafunsidwe. Tsiku lotsatira musawaikire Domboshava, miyendo imakhala yotupa. Apatseni tsiku la m'tauni, ndipo ngati ndi kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala, basi idutse mu Leopold Takawira ndi m'misewu ya ku Avenues pamene jakaranda wachita maluwa. Iwowa pa geti alipira mtengo wa alendo, ndiye envulopu yawo ikhale yapadera.

Pobwerera, nyamukani pamalo omaliza isanakwane hafu 3 ngati mukudutsa m'tauni, chifukwa kuyambira hafu 4 misewu ya Seke, Simon Mazorodze ndi Samora Machel imadzaza, ndipo ana a sukulu sayenera kuyenda usiku. Makolo auzidwe ola lochedwerapo ndi mphindi 30 kuposa limene mukuyembekezera, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye azilemba pa gulu la WhatsApp pamene basi yafika. Musatsitse mwana panjira chifukwa wanena kuti kwawo ndi apa. Onse atsikire pa sukulu kapena pa tchalitchi pamene anakwerera, dzina lichongedwe kholo likamutenga. Basi isanachoke, wamkulu mmodzi ayende mpaka mpando wakumbuyo akuyang'ana pansi pa mipando. Kumeneko kumapezeka majuzi, nsapato imodzi, ndipo nthawi zina mwana wa Giredi 1 ali mtulo.